Yankho kwa mayi athu a ku Pfupajena

Zikomo mayi athu a ku Pfupajena, ku Chegutu, potilembera. Mwati mtsikana wanu akufuna kuphunzira biomedical engineering, ndiye apite kuti? Musathamangire kutali. Ku Belvedere, mu Harare momwemo, Harare Institute of Technology imaphunzitsa zimenezi. Kumudzi ku Malawi kuli mayunivesite a MUST ku Thyolo ndi MUBAS ku Blantyre. Koma dzina la sukulu lisakukopeni, mayi. Funsani ngati bungwe la ZIMCHE, loona za maphunziro apamwamba ku Zimbabwe, linavomereza maphunzirowo. Chachikulu kwa ine n'chakuti ophunzira azipita m'zipatala kukagwira makina enieni, a X-ray ngakhale a okosijeni, osangowaona m'buku. Pakadali pano mwanayo alimbikire masamu ndi Physics pa A-Level, chifukwa n'zimene amayamba kuyang'ana posankha ophunzira.