Abuda a ku Mapanga: mafunso amene anansi awo amafunsa

Amene amayenda pamsewu wa Limbe kupita ku Zomba amawadziwa malo a Amitofo Care Centre, cha ku Mapanga, kufupi ndi malire a Blantyre ndi Chiradzulu. Ambiri amangowatchula kuti "kwa Matchaina". Ana ochokera m'midzi yathu akulira kumeneko, ndiye ndi bwino tidziwe zimene amaphunzitsidwa pa nkhani ya kukhala ndi anthu.

Kodi malowa anayamba bwanji?

Anawayambitsa ndi Hui Li, mmonke wachibuda wa ku Taiwan. Iye anafika ku South Africa mu 1992 kudzagwira ntchito yomanga kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, kenako mtima wake unatembenukira kwa ana amasiye. Malo a kuno ndiwo oyamba, ndipo anayamba kulandira ana cha mu 2004. Pambuyo pake ena anatsegulidwa ku Lesotho, Eswatini ndi Namibia. Amene anali wamkulu zaka zimenezo akukumbukira mmene Edzi inkasesera makolo m'boma lino la Chiradzulu. Mankhwala a ma ARV anali atangoyamba kuperekedwa ku Chiradzulu mu 2001 ndi madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières, ndipo agogo ambiri anali atasiyiridwa zidzukulu zoti sakanatha kuzidyetsa.

Nanga Abudawo amapembedza ndani?

Buddha anali munthu. Dzina lake linali Siddhartha Gautama, anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Anasiya moyo wa kunyumba yachifumu kukafufuza chifukwa chake munthu savutika ndi njala yokha komanso ndi mtima wosakhutira. Anaphunzitsa kuti mizu ya masautso ndi dyera, chidani ndi umbuli. Abuda akagwadira chifanizo chake amati akulemekeza mphunzitsi, ndipo chiphunzitso chawo sichitsamira pa Mlengi monga cha Akhristu ndi Asilamu. Kusiyana kumeneku ndi kwakukulu, sitiyenera kukubisa.

Mawu akuti "Amitofo" amatanthauza chiyani?

Ndi mmene Matchaina amatchulira dzina la Buddha wina wotchedwa Amitabha. Amalitchula popemphera, komanso polonjerana ndi pothokoza, ataphatikiza manja pachifuwa.

Kodi chipembedzo cha anthu okhala phee n'kumasinkhasinkha chinganene chiyani za kukhala ndi anzako?

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mbuda wamba amalonjeza zinthu zisanu, ndipo zonse n'zokhudza anthu ena: kusapha chamoyo, kusatenga chimene sunapatsidwe, kusachita chiwerewere, kusanama, ndi kusaledzera. M'mabuku awo akale muli chiphunzitso chotchedwa Sigalovada Sutta, mmene Buddha akulangiza mnyamata wina za maubale asanu ndi limodzi: mwana ndi makolo, wophunzira ndi mphunzitsi, mwamuna ndi mkazi, munthu ndi bwenzi lake, bwana ndi wantchito, wokhulupirira ndi atsogoleri a chipembedzo. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti udindo ukupita mbali zonse ziwiri. Mwana asamalire makolo akakalamba, koma makolo amuphunzitse ntchito. Wantchito agwire mokhulupirika, koma bwana amupatse ntchito yolingana ndi mphamvu zake, amulipire, amusamalire akadwala, ndiponso amupatse nthawi yopuma. Taganizani mtsikana wa kwa Kadewere amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe, wodzuka nkhuku zisanalire, malipiro ake n'kumalandira mwa apo ndi apo. Chiphunzitso cha zaka zoposa 2,000 chikumuikira kumbuyo. Amene anakulira pa mwambo wa umunthu sangaone zachilendo m'malangizo amenewa.

Zimenezi zikugwira ntchito masiku ano a mafoni?

Kwambiri. Abuda amatchula mitundu inayi ya kulankhula koipa: bodza, miseche yodanitsa anthu, mawu okhadzula, ndi zolongolola zopanda pake. Kale miseche inkathera pachitsime. Lero munthu amajambula mnzake ali m'mavuto, n'kuponya pa WhatsApp, dzuwa lisanalowe nkhani yafika kwa achibale ali ku Johannesburg. Tamvapo za anthu amene anamva imfa ya mayi awo pa Facebook mwini mbumba asanatumize uthenga. Mbuda amaphunzitsidwa kudzifunsa asanalankhule ngati nkhaniyo ndi yoona, ngati ithandiza, ndiponso ngati nthawi yake yakwana. Chala chimene chikufuna kudina foni chikufunika mafunso omwewo.

Kodi mwana woleredwa kumeneko sataya kwawo?

Funso lalikulu ndi limeneli, ndipo sindifuna kulizemba. Ana a ku Amitofo amadzuka m'mbandakucha kukapemphera, sadya nyama, amaphunzira Chitchaina ndi kung fu pamwamba pa maphunziro a sukulu zathu. Ena apita kukaphunzira ku Taiwan. Ndi mwayi umene mwana wamasiye wa kumudzi sakanaulota. Koma mwayi uli ndi mtengo wake. Mu 2019 Nicole Schafer wa ku South Africa anatulutsa filimu yotchedwa Buddha in Africa, yojambulidwa pamalo omwewa. Imatsatira mnyamata amene anafika ali wamng'ono, n'kukhala katswiri wa kung fu, ndipo pomaliza sukulu anayenera kusankha pakati pa kupita ku Taiwan ndi kubwerera kwa abale ake kumudzi. Woonera amaona mwana amene sakudziwa bwino kuti kwawo kwenikweni ndi kuti.

Kwathu kuno mwana ndi wa mbumba. Amadziwa malume ake, amadziwa pamene pali munda wa mayi ake, amadziwa pokhala pamaliro ndi mawu oyenera kunena kwa ofedwa. Izi siziphunzitsidwa m'kalasi, munthu amazitola pokhala nawo. Mnyamata wolankhula Chitchaina chosalala koma wolephera kucheza ndi agogo ake m'Chiyao kapena m'Chilomwe wapindula chinthu chimodzi n'kutaya china. Ndipo chiphunzitso cha Buddha chomwe chija chimaika makolo ndi achibale patsogolo. Choncho pamene tikupempha kuti ana asadulidwe ku mizu yawo, tikupempha zimene Chibuda chenicheni chimafuna. Vutoli si la malo achibuda okha ayi. Lili paliponse pamene ana amaleredwa kutali ndi mudzi wawo, kaya oyendetsa ndi a mpingo, a mzikiti kapena a boma.

Mkhristu kapena Msilamu angayanjane ndi Mbuda osataya chikhulupiriro chake?

Angathe. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wachipembedzo. Chiradzulu sinayambe lero kulandira zikhulupiriro zobwera: amishoni anafika ku Magomero mu 1861, John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe mu 1900, Akatolika ali ku Nguludi, ndipo Asilamu akhala nafe mibadwo yambiri, tikuikirana maliro ndi kukwatirana. Mukaitana Mbuda ku chakudya, muphikireni nyemba kapena chisoso, musamukakamize nkhuku. Iyenso asanyoze pemphero lanu.

Nanga ife amene tili ndi mwana wathu kumeneko tichite chiyani?

Musamuone ngati katundu amene mwatula. Kamuoneni, ngakhale mulibe chomutengera koma chinangwa chophika. Pa tchuthi mutengeni abwere kumudzi, alime nawo, akaone manda a makolo ake, adziwe mayina a abale. Akabwera asakudya nyama, musamuseke kapena kumutcha Mtchaina, chifukwa mwana wosekedwa kwawo sabwereranso. Mufunseni zimene waphunzira, inunso mumuphunzitse zanu. A mfumu ndi eni mbumba, sungani munda wa mayi ake, kuti tsiku lotuluka pachipata cha ku Mapanga adzakhale ndi kolowera.