Njinga Yotsika Mtengo: Kodi Achepetsa Pati?

Ndifuna kulongosola za njinga zotsika mtengo zimene zadzaza m'masitolo. Nkhaniyi itikhudza ndithu, pakuti ambiri a ife tidza kusukulu pa njinga, ndipo makolo athu aigula ndi ndalama ya fodya kapena ya mtedza imene aikhetsera thukuta chaka chathunthu.

Kale agogo athu ankatama njinga za Raleigh zochokera ku Nottingham, m'dziko la England. Lero zambiri zichokera ku India ndi ku China. Fakitale ya Hero, ya mu mzinda wa Ludhiana, inayamba m'chaka cha 1956, ndipo Flying Pigeon ya ku Tianjin inayamba mu 1950. Kupanga njinga zochuluka za mtundu umodzimodzi kutsitsa mtengo popanda kuononga kanthu. Kutsika kotere ine ndilibe nako mlandu.

Koma ilipo njira ina yotsitsira mtengo, ndiyo kuchepetsa pamene diso la wogula silifika. Penti wowala sadya ndalama zambiri. Chodya ndalama ndi chitsulo chabwino. Taganizani za habu, pakati penipeni pa gudumu. M'menemo muli timipira tachitsulo tozungulira m'kambale. Chitsulo cha kambaleko chikapanda kulimbitsidwa bwino pa moto, timipirato tikumba timaenje, gudumu liyamba kugwedera, ndipo wopalasa atopa msanga osadziwa chomutopetsa. Kawirikawiri girizi nayenso angopakamo wongonyenga. Masipoko ndi chimodzimodzi. Njinga zakale za ku England zinali ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, chifukwa kulemera kwa munthu ndi katundu kugwera kumbuyo. Sipoko yofooka ikaduka imodzi, zinzake zisenza mtolo wake, nazonso ziduka motsatana, limu lipindika. Thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 pa msewu wa mabampu likwanira kuulula zonsezi.

Imene ndiikayikira koposa ndiyo njinga yotsika mtengo yokhala ndi magiya 18 kapena 21 ndi masipuling'i ku foloko. Anyamata tiikonda, inde, pakuti ioneka yachizungu. Tsono tawerengani masamu ake: ndalama ndi yomweyo, koma zitsulo zachuluka, chotero chilichonse chalandira gawo lochepa. Fumbi la mwezi wa October likalowa m'magiyamo tcheni chiyamba kudumpha, ndipo mmisiri wa pansi pa mtengo alibe chosinthira. Njinga ya giya imodzi ya mtengo womwewo ili ndi zoonongeka zochepa.

Tisanyoze njinga yotsika mtengo konse ai. Popanda iyo anthu a kabaza, ogulitsa makala ndi ophunzira ambiri akadayenda pansi. Ubwino wake waukulu ndi wakuti tayala, chubu, tcheni ndi kotapini zake zipezeka pa msika uliwonse. Njinga yolimba iliponso, monga Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005. Kaliyala wake anapangidwa kuti asenze makilogalamu 100. Koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo mwana wongopita kusukulu ndi mabuku safuna mphamvu yonseyo. Wonyamula anthu ndi matumba tsiku ndi tsiku ndiye aifuna.

Mukaperekeza bambo kusitolo, chitani izi. Nyamulani njinga, zunguzani gudumu, muone ngati limu liyenda mowongoka pakati pa mabuleki. Ligwedezeni cham'mbali, lisagogode. Finyani masipoko awiriawiri, onse akhale okungika mofanana. Ndipo musaikepo katundu musanapite nayo kwa mmisiri kuti amange manati onse, akunge masipoko, ndi kuthira girizi m'mahabu onse awiri.