Anaimbira apolisi maulendo 85, iwo ankangoti ndi wovuta

Ku Brislington, mumzinda wa Bristol ku England, kuli nyumba za khonsolo pamalo otchedwa Capgrave Crescent. Ndi nyumba za lendi yotsika, zomangidwira anthu opeza movutikira, ndipo onse okhalamo amagawana bwalo limodzi. M'nyumba ina ya pamenepo munkakhala Bijan Ebrahimi, bambo wa zaka 44 amene anathawa kwawo ku Iran. Ankakhala yekha, ankavutika ndi msana mpaka kulumala, ndipo nthawi yake yambiri inkathera pa maluwa amene ankasamalira pakhomo pake.

Kuyambira 2007 mpaka 2013, bamboyu anaimbira foni apolisi maulendo 85. Ankadandaula kuti akutukwanidwa chifukwa cha mtundu wake, akuopsezedwa kuti aphedwa, ndiponso akumuonongera katundu. Bungwe lomwe panthawiyo linkafufuza madandaulo okhudza apolisi, la IPCC, linadzapeza mu 2017 kuti maulendo osachepera 40 apolisiwo sanalembe n'komwe kuti pachitika mlandu. Kwa iwo, Ebrahimi anali wabodza, wovuta, munthu wongofuna kuti azimveka.

Nkhaniyi inayamba kuonongekera pamenepa. Munthu wathanzi amadzuka m'mawa n'kupita ku ntchito, ndipo chipongwe cha aneba amakumana nacho madzulo okha. Wodwala amaswera pakhomo, chilichonse chonenedwa pawindo lake amachimva, ndipo usiku ululu ukam'kaniza tulo amamvanso phokoso lonse. Kusamuka n'kovuta, chifukwa nyumba ya khonsolo munthu amachita kupatsidwa, ndipo sasankha woyandikana naye. Chomwe amatsala nacho ndi kudandaula. Tsono madandaulo akachuluka, a ku ofesi amatopa naye. Amayamba kuona ngati vuto ndi wodandaulayo, pomwe omuzunza, pokhala ambiri ndi ogwirizana, amaoneka ngati mboni zodalirika.

Pofuna kukhala ndi umboni, Ebrahimi ankajambula zochitika pabwalo. Pa 11 July 2013 anajambula neba wake wina akumwa mowa panja ali ndi ana ake. Nebayo analowa m'nyumba mwa Ebrahimi mwaukali n'kumuopseza, akumunena kuti akujambula ana chifukwa ndi wogwirira ana. Ebrahimi anaimbira apolisi. Atafika, anamanga iye yemwe anawaitanayo, ati akusokoneza mtendere. Pomutulutsa, anthu anali atasonkhana panja, ena akukuwa dzina lonyansalo, ena akusangalala.

Apolisi sanapeze cholakwa chilichonse pa iye, ndipo mawa lake anamubweza kunyumba komweko. Koma anthu anali ataona kale ndi maso awo akumutenga, ndipo kwa iwo bodza lija linali litatsimikizika. Ebrahimi anaimbanso foni mobwerezabwereza kunena kuti moyo wake uli pachiswe. Wapolisi woyang'anira deralo anakana kulankhula naye. Usiku wa kucha kwa pa 14 July, neba uja anamumenya mpaka kumupha, ndipo mothandizidwa ndi mnzake anakoka mtembowo n'kuutentha.

Wakuphayo analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, osatuluka zisanathe zaka 18, ndipo mnzakeyo zaka 4. Mu 2016 wapolisi uja anapatsidwa miyezi 10 ya ukaidi chifukwa chonyozera ntchito, ndipo wothandiza apolisi wina, amene ananama kuti anayendera malowo kwa nthawi yaitali, miyezi 4. Kumapeto kwa 2017 kafukufuku wa Safer Bristol Partnership anapeza kuti apolisi a Avon and Somerset ndi khonsolo ya Bristol ankangokhalira mbali ya omuzunza, ndipo kuti tsankho la mtundu linali litazika mizu m'kagwiridwe kawo ka ntchito. Zonsezi zinadziwika mwini wake ali kale m'manda.

Musaganize kuti izi ndi za ku Ulaya kokha. M'chaka chomwecho cha 2017, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu kum'mwera kwa Malawi, ndipo mmodzi mwa ophedwa ku Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu, amene anatenthedwa. Kulikonse kumene anthu akhala mothithikana, munthu amene dzina loipa limam'mata msanga ndi yemwe alibe womuikira kumbuyo: wodwala, wobwera, wokhala yekha, wolankhula mosiyana ndi anzake.

Amene anamenya Ebrahimi anali mmodzi, koma omwe anam'konzera imfayo anali ambiri. Panali amene anamva bodza n'kukauza mnzake asanaone kanthu. Panali amene anakuwa nawo pagulu. Panalinso amene anaona nambala yake pafoni n'kunena kuti wayambanso uja.

Inu amene mukukhala m'nyumba za mdadada, mukutunga pampopi umodzi ndi kusamba m'bafa limodzi ndi anzanu, mwina pali wina amene nonse munagwirizana kale kuti ndi wovuta. Kodi munayamba mwafunsa chimene chimam'dandaulitsa? Matenda amafupikitsa mtima, ndipo wodwala akhoza kulankhula mopweteka. Koma munthu akhoza kukhala wotopetsa n'kukhalabe akunena zoona.

Mukamva kuti uje amagwirira ana kapena ndi mfiti, funsani amene anaona. Ngati palidi mwana amene ali pangozi, kaneneni kupolisi, osati pampopi. Ngati ndinu alandilodi, amfumu, wapolisi kapena wa ku ofesi ya nyumba, dandaulo lakhumi mulilembe ndi kulifufuza ngati loyamba, chifukwa munthu akamabwerabwera ndiye kuti vuto lake silinathe. Ndipo mukabweza munthu kumene gulu lamukwiyira, pitani naye mukauze anthuwo poyera kuti alibe mlandu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Matenda sasankha, ndipo tsiku lina woswera pakhomo ndi kudandaula kosalekeza akhoza kukhala inuyo.