Tisiyanitse Zinyalala Tisanataye

Kuwerenga: Deuteronomo 23:12-14, Luka 13:6-9, Yohane 6:10-13

Mawu oyamba

Amayi okondedwa m'Chigwirizano, tsache la pakhomo lili m'manja mwathu. Ndife timasesa m'mamawa, ndife timasenda mbatata, ndife timaola phulusa pamafuwa. Choncho ndifenso timasankha kumene zinyalala za banja zimathera.

Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo Chipangali inapatulidwa kukhala boma palokha mu 2018. M'chaka chomwecho cha 2018 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo la kasamalidwe ka zinyalala, limene linaika udindo umenewu m'manja mwa makhonsolo. Komabe galimoto yotola zinyalala siifika pakhomo lililonse. Ngakhale mumzinda, mabanja ambiri amadalira dzenje la kuseri kwa nyumba. Nanga kwathu kuno kumidzi? Dzala ndilo lonse limene tili nalo.

Vuto lake ndi lakuti pa dzala timaunjikapo zonse pamodzi: makoko, mapulasitiki, magalasi, mabatire ndi matewera a ana. Mulu ukakula timayatsa moto. Phunziro lathu lili ndi mfundo imodzi: tisiyanitse zinyalala m'magulu atatu tisanataye, ndiko kuti zoola, zosaola ndi zoopsa.

Zimene Malembo akutiphunzitsa

M'buku la Deuteronomo, ana a Israeli analamulidwa kukhala ndi malo odzithandizira kunja kwa msasa, ndiponso kukumba ndi kukwirira zonyansa. Chifukwa chake chinali chakuti Mulungu amayenda pakati pa msasa wawo. Pa Yohane 6, anthu atadya ndi kukhuta, Ambuye anauza ophunzira kuti atole makombo, ndipo anadzaza mitanga 12. Pa Luka 13, wosamalira munda anapempha chaka chimodzi kuti akumbire mkuyu wosabala ndi kuuthira ndowe. Tikuona zinthu zitatu: chonyansa chikwiriridwe, chotsala chisatayike, ndipo choola chibwerere kunthaka.

1. Zoola: awa ndi manyowa

Gawo lalikulu la zimene timasesa pakhomo la kumudzi ndi zoola: masamba, makoko a nthochi ndi a nshawa, mapesi, udzu, zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi. Tikaziotcha, chakudya cha mbewu chotchedwa naitirojeni chimauluka ndi utsi. Chakudya chomwecho ndicho timakagula ndi ndalama zambiri m'thumba la feteleza wa yureya. Kodi si zachisoni kuotcha mu Ogasiti chimene tidzalirira mu Januwale?

Kapangidwe ka manyowa ndi aka:

a) Kumbani dzenje pamthunzi, lakuya osapitirira mita imodzi, patali ndi chitsime.

b) Pansi yalani mapesi odulidwa kapena timitengo kuti mpweya uzilowa.

c) Ikani zouma, monga udzu ndi masamba, pamwamba pake zaziwisi za kukhitchini ndi za kudimba, kenaka ndowe kapena zitosi. Wazani phulusa pang'ono ndi dothi lapamwamba.

d) Thirirani madzi kuti zinyowe, koma zisachite matope. Bwerezani mosanjikiza mpaka dzenje lidzaze, ndipo vundikirani ndi udzu.

e) Zikani ndodo pakati. Pakapita masiku ochepa izuleni. Ikatuluka yofunda, dziwani kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tayamba ntchito yooletsa. Ikatuluka yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi zaziwisi.

f) Tembenuzani pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzapeza manyowa akuda, onunkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Manyowa amathandizanso nthaka kusunga chinyontho, chinthu chimene chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kufunika kwake. M'dzenje limeneli musaikemo nyama, mafupa, chimbudzi cha galu kapena mbewu zodwala.

2. Zosaola: tichepetse, tigwiritsenso ntchito

Amayi athu ankapita kumsika ndi dengu. Ife timabwerako ndi timapulasitiki tisanu: ka mchere, ka kapenta, ka tomato, ka mafuta, ka sopo. Pulasitiki saola ngati tsamba; imakhala m'nthaka zaka zambirimbiri. Mbuzi kapena ng'ombe ikaimeza, imatsekeka m'mimba, imaonda, mwina kufa kumene. Zitini, mabotolo ndi matayala akale zimasunga madzi a mvula, ndipo udzudzu umaswana mmenemo. Ku Chipata, kumene madzi amatsika mwamphamvu kuchokera m'mapiri, mapulasitiki amatseka ngalande, ena amakathera mumtsinje wa Lunkhwakwa.

Mu 2018 boma linaletsa mapulasitiki onyamulira katundu opyapyala kwambiri, osakwana ma micron 30. Koma lamulo silingalowe m'dengu mwathu ngati ife eni sitifuna. Tinyamule dengu kapena chikwama cha nsalu popita kumsika. Chitenje chakale chimasokedwa bwino kukhala chikwama chotere.

Zina zosaola zili ndi ntchito yachiwiri. Mabotolo otsukidwa bwino amasunga mbewu ndi mafuta. Timapaketi ta shuga ndi ta mkaka timafesedwamo mitengo ndi tomato. Masaka ong'ambika amalukidwa zingwe ndi mikeka ya pakhomo. Zitsulo zakale zili ndi ozigula. Zotsala zimene zilibe ntchito, makamaka magalasi osweka, zikhale ndi dzenje lakelake, ndipo tizikwirire ndi dothi.

Chonde tisaotche pulasitiki, ndiponso tisakolezere mbaula ndi pulasitiki. Utsi wake uli ndi poizoni woononga mapapo, ndipo amene amaupuma koposa ndi mayi wophika ndi khanda lili kumsana.

3. Zoopsa: izi zisakhudzidwe ndi ana

Dera lathu ndi la alimi a fodya, thonje ndi ndiwo zamasamba, choncho zigubu za mankhwala opopera sizisowa pakhomo. Chigubu chotere chimaoneka cholimba ndi chokongola, koma chisasungiremo madzi akumwa, mchere, mkaka kapena thobwa, ngakhale chitatsukidwa ndi sopo. Mankhwala akatha, chitsukuluzeni katatu, madzi ake muwathire m'chopopera, kenaka chibooleni kuti wina asachitole. Chisungeni pamalo pamene ana safika, ndipo funsani alangizi a zaulimi za katayidwe kake.

Mabatire a sola ndi a galimoto ali ndi asidi ndi mtovu. Tikumbukire za Kabwe: mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana a kumeneko akupezekabe ndi mtovu m'magazi chifukwa cha dothi limene amaseweramo. Mtovu umaononga ubongo wa mwana. Batire lakufa lisaphwanyidwe pakhomo. Libwezedwe kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale. Malezala, majakisoni ndi mankhwala otha nthawi zisaponyedwe pa dzala. Funsani kuchipatala chapafupi.

Tinenepo za matewera otaya, amene afika ngakhale kumidzi. Thewera lotayidwa poyera limang'ambidwa ndi agalu ndi nkhumba, ntchentche zimaterapo, ndipo mvula imakokolera zonyansa zake kuchitsime. Umu ndi mmene matenda otsegula m'mimba amayendera. Kolera imene inayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 inafalikira m'zigawo zonse khumi ndipo inapha anthu oposa 700. Bwalo la masewero la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu anatsegulidwa mu Febuluwale 2024 m'malo mwa Januwale. Chimbudzi cha mwana ndi chimbudzi ndithu: chitayidwe m'chimbudzi, thewera likwiriridwe mozama, ndipo mayi asambe m'manja ndi sopo.

Mawu otsiriza

Mutu umodzi susenza denga. Ntchentche yochokera pa dzala la mnansi siipempha chilolezo polowa m'khitchini mwanu. Choncho nkhani iyi tiifikitse kwa anansi, kwa anyakwawa ndi kwa makhansala athu, makamaka za malo amalonda kumene zinyalala zimachuluka. Amene tili ndi ana ndi abale mumzinda, tiwalimbikitse kulipira otola zinyalala m'malo mokataya m'ngalande usiku. Koma tiyambe ndi pakhomo pathu.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu zisanu zimene munataya sabata yatha. Chilichonse chili m'gulu liti?
2. Ndi chifukwa chiyani timakonda kuotcha zinyalala? Tingachite chiyani m'malo mwake?
3. Pambuyo pa misonkhano yathu ikuluikulu, maukwati ndi maliro, bwalo timalisiya lotani?
4. Ndi okalamba kapena odwala ati amene tingakawakumbire maenje mwezi uno?

Ntchito ya mwezi uno

Mayi aliyense akhale ndi maenje awiri, la zoola ndi la zosaola, ndiponso malo obisika osungira zoopsa. Pamsonkhano wotsatira tidzasankhe makomo atatu oti tikawayendere ndi kuphunzirako. Titseke ndi pemphero, kukumbukira mabanja amene anataya okondedwa awo ndi kolera.