Malonje a Filimu Yoopsa: Zomwe Tikukonza ku Manchewe

Mlendo akafika pakhomo sayamba ndi nkhani imene wabwerera. Amayamba wakhala pansi, nalandira moni, kenaka n'kupereka malonje. Pomwe malonjewo akutha, eni khomo amakhala atadziwa kale ngati kwabwera zabwino kapena zovuta. Filimu nayonso ili ndi malonje ake. Iyi ndi mphindi imodzi kapena ziwiri zoyambirira, pomwe pamaoneka mutu wa filimuyo ndi mayina a anthu amene aikonza. Ambiri a ife, tikalowa m'nyumba zoonetsera mavidiyo, nthawi imeneyi timaitenga ngati yofunafuna pokhala ndi kugula mtedza. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti m'filimu yoopsa, malonje ndiwo amaphunzitsa woonera chinthu choti aziopa, choncho wokonza filimu ayenera kusankha chinthucho mosamala. Ndifotokoza izi potengera filimu yaifupi imene ine ndi anzanga anayi tikukonzekera kujambula m'boma la Rumphi.

Ndiyambe ndi zomwe akatswiri akunja anachita. Mu filimu ya Psycho ya 1960, Saul Bass sanaonetse munthu kapena mpeni. Anangoika mizere yoyenda uku ndi uku imene imang'amba mayina pakati, pamene nyimbo ya Bernard Herrmann, yoimbidwa ndi zipangizo za nsambo zokhazokha, ikuthamanga ngati mtima wa munthu wothawa. Mu Halloween ya 1978, John Carpenter anaonetsa dzungu losemedwa nkhope, muli kandulo m'kati, kamera ikuliyandikira pang'onopang'ono. Mu The Shining ya 1980, Stanley Kubrick anationetsa kagalimoto kachikasu kakukwera msewu wa m'mapiri, kamera ikukatsata kuchokera kumwamba ngati kabawi wotsata mwanapiye. Mu Se7en ya 1995, Kyle Cooper anaonetsa manja okha a munthu akulemba ndi kusoka timabuku, ndipo mayina anachita kuwakanda ndi dzanja. M'malonje anayi onsewa mulibe nkhope ya chigawenga kapena chilombo. Woonera amachita mantha asanadziwe chomwe akuopa.

Kwathu kuno mafilimu oopsa amene tinakulira ndi a ku Nigeria, otsata njira yomwe inatsegulidwa ndi Living in Bondage mu 1992. Ine ndimawakonda, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma tikakhala pansi ophunzira kuti tikonze yathu, maganizo oyamba kubwera amakhala omwewomwewo: kadzidzi akulira padenga, lichero likuuluka, kenaka nkhalamba ya maso ofiira ikusuzumira pakhomo. Mnzathu wina pagululi anaonjeza kuti popeza tili ku Rumphi, tiyambe ndi ng'oma za vimbuza usiku, moto ukuwala pankhope za ovina. Zithunzi zotere n'zosavuta kujambula ndipo zimagwira mtima msanga. Tinakangana masiku awiri, ndipo ine ndinali mbali yokana.

Chifukwa changa choyamba n'chakuti m'Malawi muno nkhalamba ya maso ofiira si nthano chabe. Mu Januwale 2016, anthu anayi okalamba anaphedwa m'boma la Neno atawaganizira kuti ndiwo analenga mphezi imene inapha mtsikana wina. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika msanga pomwe gulu lolusa lafika kale. Filimu yathu idzayenda pa mafoni, idzaonedwa ndi ana amene agogo awo amafuka utsi wa nkhuni tsiku ndi tsiku mpaka maso kufiira. Ngati masekondi 30 oyamba awauza kuti choopsa ndi gogo, ndiye kuti taonjezera nkhuni pamoto umene ukuyaka kale.

Chifukwa chachiwiri chikukhudza vimbuza. Awa ndi magule a machiritso pakati pa Atumbuka. Wodwala amavina, achibale amaimba ndi kuomba m'manja, ng'oma zimamuthandiza kutulutsa zomwe zikumusautsa. Bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Kutenga ng'oma imene mayi wina amapezera mpumulo n'kuisandutsa chizindikiro chakuti kukubwera zoipa, ndi kubwereza zomwe amishoni oyamba ankanena za magule amenewa. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano onenawo ndife eni dziko.

Nanga tikachotsa zonsezi chotsala n'chiyani? Chotsala ndi malo enieniwo. Makilomita ochepa kuchokera ku Livingstonia, kumene Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, kuli mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125. Kuseri kwa madziwo kuli phanga, ndipo anthu a m'deralo amati makolo awo ankabisalamo pothawa nkhondo m'zaka za m'ma 1800. Taganizani za mayi ali m'phangamo, khanda lili pachifuwa, adani akuyenda pamwamba. Mdani wake wamkulu panthawiyo ndi kulira kwa mwana wake yemwe. Mantha a malo amenewa ndi a anthu amene moyo wawo unkadalira kukhala chete. Nkhani ya filimu yathu yachokera pamenepo. Ophunzira atatu apita kuphangako kukajambula mawu a ntchito ya m'kalasi, koma pomvetsera madzulo apeza kuti anthu amene akupuma pa tepiyo ndi ambiri kuposa atatu.

Malonje athu tawakonza kuti akhale a masekondi 90. Tisanagwire kamera tinajambula chithunzi chilichonse papepala, bokosi limodzi chithunzi chimodzi, pansi pake n'kulemba kutalika kwake ndi mawu omveka. Apa ndi pomwe maphunziro a chilankhulo anatithandiza mosayembekezeka. M'malo molemba ziganizo zitalizitali zofotokoza mmene chithunzi chizionekera, tinkalemba mvekero umodzi pansi pa bokosi lililonse. Wogwira kamera akaona *mbuu* amadziwa kuti tikufuna nkhungu yam'mawa yophimba chigwa. Akaona *bii* amadziwa kuti kuwala kuchepe. Wojambula mawu akaona *waa* amadziwa kuti madzi adzaze khutu lonse, ndipo akaona *zii* amadziwa chochita. Mvekero umanena mtundu, phokoso ndi kamvedwe ka mumtima nthawi imodzi, zimene chiganizo wamba chimazinena m'mawu khumi.

Masekondi 40 oyamba tidzakhala pamsewu wa Gorodi, umene umakwera kuchokera ku Chitimba kufika ku Livingstonia ndi makona 20. Kubrick anali ndi helikopita, ife tili ndi kumbuyo kwa matola. Kamera idzayang'ana kumbuyo, osati kutsogolo, kuti woonera aziona nyanja ikutalikira ndi kuchepa pa kona iliyonse popanda kudziwa kumene akumutengera. Mayina adzaoneka limodzilimodzi galimoto ikamakhota. Pang'onopang'ono phokoso la injini lidzamira m'phokoso la madzi. Kenaka tidzakhala m'kati mwa phanga, kuyang'ana kunja kudzera m'madzi ogwa, monga ankayang'anira obisala aja. Pa sekondi ya 75 madzi adzapitiriza kugwa pa chithunzi koma phokoso lake lidzaduka. Aliyense amene anafikapo pa mathithi amadziwa kuti madzi otere satonthola, choncho khutu lidzazindikira kuti chalakwika chilipo maso asanaone kanthu. M'bata limenelo mudzamveka kupuma kwa munthu mmodzi, kenaka awiri, kenaka ambiri. Mutu wa filimu udzaoneka pamenepo.

Nyimbo sitiikamo. China n'chakuti kutenga nyimbo ya mwini popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo la umwini wa zaluso la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira. Koma chachikulu n'chakuti nyimbo ingaononge bata lomwe tikulidalira.

Mutuwo ndi mawu amodzi a Chitumbuka: *Ŵakabisama*. Tinadziwa kuti pokhala nkhani ya ku Rumphi, mutu wa Chingerezi ungakhale chovala chobwereka. Komanso Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mu 1968, n'kubwerera pa wailesi ya MBC mu 1994, kotero kuliona litalembedwa pa kanema ndi nkhani yaikulu kwa eni ake. Koma chimene chinandikopa ine ndi mphatikiram'kati *-ka-*. M'Chitumbuka, *-ka-* ameneyu amaonetsa nthawi yakale, ndipo mawuwa akutanthauza kuti "anabisala". Nkhani yatha, yachitika kalekale. Mchewa akawerenga mawu omwewa khutu lake limamva "akabisala", chimene ndi chiganizo chosamaliza, chofuna kuti wina anene chotsatira. Akabisala, chimachitika n'chiyani? Motero Mtumbuka adzawerenga mbiri ya makolo ake, pamene Mchewa adzawerenga chenjezo lodukira panjira. Onse awiri adzalowa m'filimu mtima uli m'mwamba, koma polowera pake posiyana.

Chilembo choyamba cha mutuwu chinabweretsa vuto lakelake. Mitundu yambiri ya zilembo zokongoletsa za pa kompyuta, makamaka zija zooneka ngati zikudontha magazi, ilibe *ŵ*. Ukachilemba pamatuluka kabokosi kopanda kanthu. Kuchotsa kadenga kapamwambako n'kulemba *w* wamba ndi njira yachidule, koma m'Chitumbuka awa ndi maliwu awiri osiyana. Tinagwirizana zotsata njira ya Kyle Cooper yolemba ndi dzanja. Tidzalemba ndi khala pamwala wafulati umene tidzanyamule tokha, osati pakhoma la phanga, kenaka n'kuthira madzi pang'onopang'ono kuti zilembo zisungunuke kamera ikujambula.

Pa mayina napo pali chofunika kuchiganizira. Mwambo wa mafilimu umati dzina la wotsogolera likhale lomaliza, ndipo tidzautsata. Koma akuluakulu a m'mudzi amene adzatiloleze kujambula ndi kutisimbira mbiri ya phangalo sitingawalembe ngati anzathu a m'kalasi. Kumpoto kuno mayi amalemekezedwa ndi chiwongo chake, monga NyaGondwe kapena NyaMhango, ndipo aliyense tidzamufunsa mmene akufunira kuti dzina lake lilembedwe, kapena ngati akufuna kuti lilembedwe n'komwe. Ena sangakonde kuti dzina lawo lioneke pa filimu ya mizimu, ngakhale atatithandiza ndi mtima wonse.

Zotsala ndi za nyengo. Nkhungu yomwe tikufuna imapezeka m'mawa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ndipo dzuwa likangokwera imabalalika, choncho chithunzi cha *mbuu* tiyenera kuchipeza m'masiku awiri kapena atatu, tikudzuka tambala woyamba. Mphepo ya paphiri imasokoneza maikolofoni ya foni, ndiye tidzaikulunga ndi siponji. Kupuma kwa anthu sitidzakujambulira kuphangako, chifukwa madzi angakumize. Tidzakujambula usiku m'chipinda chotseka, anthu asanu ndi mmodzi atafunda bulangete limodzi, foni ili pakati pawo.