Phunziro 6: Kodi ndani amakweza mtengo wa malo mumzinda?

Tiwerenge: 1 Mafumu 21:1-16

Ambiri a ife tikudziwa kuti puloti ya ku Area 10 kapena ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe ndi yodula kwabasi poyerekeza ndi malo aakulu chimodzimodzi ku Mgona kapena kwa Chinsapo. Komatu dothi lake ndi lomwelo. Nanga kusiyanaku kukuchokera kuti? Kukuchokera ku zimene boma lidakonza zoti zichitike pa malowo.

Mbiri mwachidule

M'chaka cha 1966 m'tauni ya Lilongwe munali anthu pafupifupi 19,000 okha. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo Lilongwe adakhala likulu mu 1975. Okonza mapulani adagawa mzindawu m'zigawo zokhala ndi manambala. Kanengo adamusiyira mafakitale. Area 10 adaika mapuloti aakulu a nyumba zochepa. Madera ngati Area 25 adawasiyira anthu opeza pang'ono kuti azidzimangira okha. Pa kalembera wa 2018 mumzindawu mudapezeka anthu oposa 989,000. Anthu adachuluka, koma mapuloti ovomerezeka sadachuluke mofanana.

Zimene zimakweza mtengo

Choyamba ndi lamulo la kagwiritsidwe ntchito ka malo. Lamulo la Physical Planning la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo la 1988, limapatsa akuluakulu a mapulani mphamvu yonena kuti apa pakhale nyumba, apa masitolo, apa pasamangidwe kanthu. Puloti ya nyumba ikaloledwa kukhala ya maofesi, mtengo wake umakwera tsiku lomwelo, mwini wake asanaikepo njerwa ngakhale imodzi.

Chachiwiri ndi chitukuko. Msewu wa tala, mipope ya madzi ndi magetsi zikafika m'dera, lendi ndi mtengo wa malo zimakwera. Ndalama zomangira zinthuzi n'zamisonkho ya ife tonse, koma phindu limagwera mwini puloti yekha.

Chachitatu ndi kusowa kwa mapuloti ang'onoang'ono. Dera lalikulu likasungidwira mabanja ochepa, anthu ambiri amalimbirana malo otsalawo. Palinso ena amene amagula mapuloti angapo n'kungowatchinga ndi mpanda, kudikira kuti mtengo ukwere, ngakhale kuti liizi imalamula kumanga pa nthawi yoikika.

Chachinayi ndi mapepala. Malo okhala ndi chiphaso cha boma, monga liizi ya zaka 99, banki imawalandira ngati chikole. Malo ogula ndi kalata yolembedwa pamanja amatchipa chifukwa wogulayo angathe kuchotsedwapo.

Amene amavutika ndani?

Mlonda, wantchito wa m'nyumba ndi mayi wogulitsa tomato sangathe kugula puloti yovomerezeka. Motero amakamanga kumene ena akana: m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi utasefukira, amene adataya nyumba ndi katundu ambiri anali a ku Mtandire, dera loyandikana ndi Area 47. Abale athu a m'midzi yozungulira mzinda nawonso amagulitsa minda pa mtengo wozizira, osadziwa kuti msewu ukubwera. Ndalamazo zikatha amatsala opanda polima.

Eklezia amatiphunzitsa kuti Mulungu adapereka dziko kwa anthu onse. Kukhala ndi malo akoako ndi ufulu, koma ufuluwo uli ndi udindo kwa anzathu. Nkhani ya Naboti ikutikumbutsa kuti wamphamvu akalanda malo a wosauka, ngakhale atadzera m'makalata ndi m'mabwalo, Mulungu amaona.

Tichitepo chiyani?

Tisanagule malo, tikafunse ku khonsolo kapena ku Unduna wa Zamalo ngati malowo ndi ololedwa kumangapo nyumba. Tisapereke kapena kulandira ziphuphu pa nkhani ya mapuloti. Timufunse khansala wathu za mapulani a dera lathu ndi za mmene msonkho wa nyumba ukugwirira ntchito. Tiwathandize amayi amasiye ndi ana amasiye kusunga bwino mapepala a malo awo.

Mafunso okambirana mumphakati

1. Kodi m'dera lathu lendi yakwera liti, ndipo chidayambitsa n'chiyani?
2. Kodi n'chilungamo kuti munthu asunge mapuloti asanu opanda kanthu pamene mnzake akugona m'dambo?
3. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene mphakati wathu ungachite mwezi uno?