Nyumba Yothandiza Kuchira: Mafunso ndi Mayankho pa Kamangidwe ka Zipatala ndi Malo Osinkhasinkha

Kabukuka ndi ka makomiti a zipatala, mafumu, akuluakulu a mipingo ndi amisiri a kwa Njewa, ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma. Ndalama zomangira wodi, chidikiro kapena nyumba yopemphereramo zikapezeka, zokambirana zimathera pa matumba a simenti, malata ndi malipiro a mmisiri. Kaŵirikaŵiri palibe amene amafunsa kuti wodwala akagona pabedipo maso ake aziona chiyani, kapena kuti mayi amene wangouzidwa uthenga woŵaŵa akakhale pati. Mafunso ali m'munsimu akukhudza zimenezo.

Kodi nyumba ingachize munthu? Suja amachiza ndi mankhwala?

Amachiza ndi mankhwala, manja a dokotala ndi chisamaliro cha anamwino. Mtengo sungaloŵe m'malo mwa jakisoni. Koma malo amene wodwala wagonekedwa amatha kuthandiza mankhwalawo kapena kulimbana nawo.

Mu 1984 katswiri wina wa ku America, Roger Ulrich, anafalitsa zimene anapeza m'mafayilo a odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni yochotsa ndulu pachipatala china ku Pennsylvania. Odwala 23 anagona m'zipinda zimene windo lake linkaonetsa mitengo, ndipo 23 enawo ankangoona khoma la njerwa. Oona mitengo aja anatuluka m'chipatala msanga, pafupifupi tsiku lathunthu anzawo asanatuluke, ndiponso sanafune kwambiri mankhwala amphamvu opha ululu. Anthu 46 ndi ochepa, koma zimene anapezazo zikugwirizana ndi zomwe aliyense wodwazika matenda amadziŵa: munthu wamantha, wosoŵa tulo, wothinidwa ndi kutentha ndi phokoso, sadya bwino ndipo mphamvu zimachedwa kubwerera.

Pa zonse zofunika pomanga wodi, choyamba n'chiyani?

Mpweya. Florence Nightingale, namwino wa ku England, analimbikira mfundo imeneyi m'buku lake lonena za zipatala la mu 1859: mawodi akhale ndi mawindo mbali zonse ziŵiri kuti mphepo iziloŵa uku n'kutulukira uko. Pa nthawiyo anthu anali asanadziŵe bwino za tizilombo toyambitsa matenda, koma iye anaona kuti m'mawodi otsekeka anthu ankafa ambiri.

Lero tikudziŵa chifukwa chake. Chifuwa chachikulu chimayenda mumpweya, ndipo wodwala mmodzi akakhosomola m'chipinda chotseka, onse ali momwemo amapuma tizilomboto. Mu 2006 kunamveka za odwala 53 a ku Tugela Ferry m'dziko la South Africa amene anapezeka ndi TB yosamva mankhwala. 52 anamwalira, ndipo ofufuza anaona kuti ambiri ayenera kuti anapatsirana matendawa m'chipatala momwemo. Chaka chotsatira, kafukufuku wa m'zipatala za mumzinda wa Lima ku Peru anaonetsa kuti m'mawodi akale, a denga lalitali ndi mawindo akuluakulu, mpweya unkasinthika pafupifupi ka 40 pa ola limodzi mawindo ndi zitseko zikatsekulidwa, pamene m'mawodi amakono unkasinthika ka 17. Choncho mmisiri akanena kuti tichepetse mawindo kapena titsitse denga kuti njerwa zikwane, komiti isavomere. Kuli bwino kuchepetsa penti.

Kalozedwe ka nyumba nakonso n'kofunika. Makoma aatali, okhala ndi mawindo, ayang'ane kumpoto ndi kummwera. Akayang'ana kuzambwe, dzuŵa la masana a mwezi wa October limaloŵa mpaka pabedi, ndipo malata akatentha wodi imasanduka uvuni.

Kodi zimenezi si nzeru zobwera, za mayiko olemera?

Ayi. Makolo athu ankadziŵa kusankha malo oti mtima ukhazikike. Ku Msinja, kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, kunali kachisi wa mvula amene ankatsogoleredwa ndi Makewana, ndipo malowo anali otetezedwa ndi malamulo okhwima. Mukamayenda mumsewu wa ku Mchinji kapena wa ku Kabudula, yang'anani kumene kwatsala mitengo yachilengedwe pakati pa minda ya chimanga ndi fodya: ndi kumanda. Palibe amene amaloŵako ndi nkhwangwa mwachisawawa, ndipo aliyense akafikako mawu amatsika okha. Akhristu a masiku ano amakwera phiri la Bunda kukapemphera, kufuna zomwezo: kutalikirana ndi phokoso, mphepo yabwino, ndi malo oonera patali.

Ngakhale pakhomo wamba, wodwala amene wayamba kupeza bwino samubindikiritsa m'nyumba. Amamuyalira mphasa pakhonde kapena patsinde pa mtengo wa mango, aothere dzuŵa la m'maŵa, aone ana akuseŵera, odutsa amuzonde. Chodandaulitsa n'chakuti pomanga ndi simenti tinayamba kuona khonde ngati chokongoletsera chabe, choyamba kuchichotsa ndalama zikapereŵera.

Chilipo chitsanzo m'Malaŵi muno chimene tingakaone ndi maso?

Chilipo, ndipo sichili kutali: chidikiro cha amayi oyembekezera cha pachipatala chachikulu cha Kasungu, chimene chinamalizidwa mu 2015. Boma litaletsa azamba kubereketsa mu 2007, amayi ambiri akumidzi anayamba kupita kukadikirira pafupi ndi chipatala masiku akayandikira. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino, yomwe mwa zina inafuna kumanga zidikiro m'dziko lonse. Pulani yoyamba inali ya chinyumba chimodzi chachitali, mabedi ndandanda mkati.

Akatswiri a zomangamanga a bungwe la MASS Design Group, pogwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo ndi yunivesite ya North Carolina, anayamba n'kuona mmene amayi amakhalira pachidikiro. Mayi wodikira si wodwala. Amabwera ndi womudikirira, mtolo wa nkhuni, ufa, mapoto ndi ndoŵa. Masana sakhala pabedi: amaphika, amachapa, amasoka, amacheza, ndipo zonsezi zimachitika panja. Choncho anaphwanya chinyumba chija n'kuchisandutsa timanyumba ting'onoting'ono ta mabedi anayi, toyang'anizana mozungulira timabwalo, monga mmene mudzi umakhalira. Madenga anawatulutsa kwambiri kunja kuti apereke mthunzi ndi kutchinga mvula, moti mayi angathe kukhala panja ngakhale mu January. Anaika mabenchi omangira kukhoma, malo osungira katundu, ndi poti anamwino aziphunzitsira. Makoma ndi a njerwa za dothi zopanikizidwa ndi makina, zothira simenti pang'ono, zosafuna kuotcha.

Taganizani za mtsikana wa mimba yoyamba amene wachoka kwawo koyamba. M'chinyumba cha anthu makumi atatu amadziona kuti ali yekha pakati pa alendo. M'chipinda cha anthu anayi, usiku woyamba womwewo amakhala atadziŵa maina a anzake, ndipo ntchembere imene yabereka kale imamuuza zimene zikubwera. Mantha akachepa, mayi safulumira kumanga katundu kubwerera kumudzi tsiku lisanakwane, ndipo kumeneko n'kumene chidikiro chimapulumutsa moyo. Bungwe la MASS lija linamanganso chipatala cha Butaro ku Rwanda mu 2011, kumene makonde oyendamo ali kunja ndipo mabedi ayang'ana kumawindo. Komiti iliyonse imene ikufuna kumanga chidikiro, ndikuilangiza kuti itumize anthu aŵiri kapena atatu, mwa iwo mukhale amayi, akaone ku Kasungu pulani isanajambulidwe.

Nanga odikirira odwala tiwaŵerengere?

Kwambiri. M'zipatala zathu gadiyani ndiye amaphika phala, kusambitsa wodwala, kumutembenuza ndi kuitana namwino usiku. Iye akagona pasimenti yozizira, n'kumaphikira m'khitchini yodzaza utsi, patatha sabata odwala amakhala aŵiri. Pulani ya wodi isavomerezedwe ngati sikuonetsa pogona magadiyani, khitchini yotulutsa utsi, mpopi, zimbudzi, chingwe choyanikapo zovala ndi mthunzi wodyerapo.

Malo osinkhasinkha ndi otani, ndipo amangidwe bwanji?

Ndi malo amene munthu angakhale phee, kupemphera, kulira kapena kuganiza popanda womuyang'anitsitsa. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene masisitere Achikarimeli ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, chimasamaliranso odwala matenda osachiritsika, monga amachitira a bungwe la Ndi Moyo ku Salima kuyambira mu 2007. Pa chisamaliro chotere, mawu amene dokotala amanena ndi olemera, ndipo banja limafuna pokhala litawamva. Ku Scotland, mayi wina wodziŵa kukonza minda ya maluŵa, Maggie Keswick Jencks, atauzidwa kuti khansa yake yabwerera, anapezeka atakhala pakhonde la mkati mwa chipatala lopanda windo. Asanamwalire mu 1995 anakonza pulani ya nyumba yaing'ono, yokhala ndi tebulo la kukhitchini ndi dimba, yoti odwala khansa azipumirako. Nyumba yoyamba yotere inatsekulidwa ku Edinburgh mu 1996.

Kwathu kuno sipafunika zambiri. Sankhani ngodya yotalikirana ndi msewu, jenereta, malo ogulitsira zinthu ndi njira ya kumotchale. Tchingani ndi mpanda wa zomera wofika m'chifuwa, kuti wokhala pansi abisike koma namwino athe kuona ngati wina wagwa. Kanjira kakhale kosalala, kopanda masitepe, kotakata moti njinga ya olumala ndi womukankha adutse bwino. Benchi likhale ndi potsamira, chifukwa munthu wofooka sangakhale nthawi yaitali msana uli pamtunda, ndipo pambali pake pasiyidwe malo oyala mphasa kapena chitenje, poti agogo ambiri amapuma bwino atakhala pansi. Mabenchi ena akhale a munthu mmodzi, ena a banja lonse. Ngati malowo ndi a boma, asakhale ndi chizindikiro cha mpingo umodzi, kuti Mkatolika, wa CCAP, Msilamu ndi wa chipembedzo cha makolo onse aone kuti ndi pawo. Ndipo pasaikidwe zokuzira mawu.

Tibzale mitengo yanji?

Ya mthunzi wokhalitsa: mbawa, mwimbi, mango, nimu. Kachere ndi mkuyu zili ndi mthunzi wabwino koposa, koma mizu yake imang'amba maziko ndi mapaipi, choncho zibzalidwe patali ndi nyumba. Msangu uli ndi khalidwe lake: umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuphuka m'chilimwe, motero umapereka mthunzi pa nthawi imene dzuŵa likuŵaŵa. Bulugama asayandikire, poti amamwa madzi ambiri, mthunzi wake ndi wochepa, ndipo nthambi zake zimathyoka mosayembekezeka. Pafupi ndi khitchini ya magadiyani mubzale mapapaya, mandimu, magwafa ndi chammwamba. Koposa zonse, mtengo waukulu umene mwaupeza pamalopo musaudule. Sunthani nyumbayo. Mbande ya lero idzatenga zaka zambiri kuti munthu akhale pansi pake.

Mawindo ambiri ndi zomera sizibweretsa udzudzu ndi chisanu?

Nkhaŵa imeneyi ndi yoona. Udzudzu wa malungo umaloŵa kwambiri usiku kudzera pampata wa pakati pa khoma ndi denga, choncho mpatawo utsekedwe ndipo mawindo onse aikidwe sefa wa waya. Udzudzu umaswana m'madzi odikha, osati m'masamba, ndiye madzi a padenga aloŵe m'thanki yovundikira kapena m'ngalande yoyenda bwino, ndipo dziŵe la maluŵa lisakumbidwe. Za chisanu, mphepo ya mwera ya mu June ndi July imachokera kummwera chakuvuma. Mbali imeneyo mubzale mzere wa mitengo, ndipo pamwamba pa mawindo pakhale timipata totchinga ndi sefa, tosatsekedwa, kuti odwala akatseka mawindo usiku mpweya uzitulukabe.

Ndalama zathu n'zochepa. Tiyambire pati?

Zambiri mwa zimenezi sizifuna ndalama yowonjezera. Kulozetsa nyumba kumpoto ndi kummwera, kusiya mtengo, kuika bedi poti wodwala aone kunja, zonsezi zimangofuna kuganiziridwa maziko asanakumbidwe. Njerwa zosaotcha zimasunganso nkhuni, ndipo kuyambira mu 2018 malamulo a dziko lino amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda. Mbande zingachokere ku nazale ya mudzi, koma pasankhidwe anthu odziŵika owathirira ndi kuwatchingira mbuzi, chifukwa mitengo yambiri yobzalidwa pamwambo imauma chilimwe choyamba.

Inu a komiti, pulani ikabwera kuti muisayine, itanani namwino, mayi amene anakhalapo pachidikiro ndi munthu amene anadwazikapo matenda kwa nthawi yaitali. Pitani nawo pamalopo masana dzuŵa lili paliwombo, muwafunse kumene angafune kukhala. Ngati pulaniyo ilibe khonde, mthunzi, mawindo a mbali ziŵiri ndi malo a magadiyani, ibwezeni ikakonzedwe.